Freud ndi Rogers pa Bwalo la Achewa: Kuunika Mabuku Awiri a za Katete

Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amene amaphunzira m'makoleji athu amakumana ndi mayina awiri chaka choyamba chisanathe: Sigmund Freud ndi Carl Rogers. Amaloweza kuti Freud ndiye tsinde la njira yotchedwa psychodynamic, imene imati khalidwe la munthu limatumphuka m'mikangano yobisika mumtima mwake. Amalowezanso kuti Rogers, pamodzi ndi Abraham Maslow, ndiye mwini njira yotchedwa humanistic, imene imati munthu aliyense ali ndi mphamvu ya kukula ndi kudziwongola akapeza womumvetsera. Zonsezi amazilemba pa mayeso m'Chingerezi. Koma akatumizidwa kukagwira ntchito ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, munthu wokhala pamaso pawo amayankhula Chichewa, ndipo mlangizi amayenera kumasulira yekha, pomwepo, wopanda buku m'manja. Liwu limene asankhe lingatsegule mtima wa wodandaulayo kapena kuutseka.

Mwayi wathu ndi wakuti za Achewa a dera limeneli zinalembedwa m'mabuku awiri ozama. Loyamba ndi Sorcery in its Social Setting la M. G. Marwick, la mu 1965, lochokera pa kafukufuku amene anachita pakati pa 1946 ndi 1953 m'boma limene nthawiyo linkatchedwa Fort Jameson, lomwe Katete anali mbali yake. Lachiwiri ndi The Significance of Schooling la Robert Serpell, la mu 1993, lochokera pa kafukufuku amene anayamba m'midzi ya m'Katete mu 1973. Marwick sanali wophunzira wa Freud, ndipo Serpell si wotsatira wa Rogers. N'chifukwa chake tikuwaitana ngati mboni: alibe mbali pa mlanduwu.

Mawu a Freud ndi mtima wa Mchewa

M'buku lake la mu 1923, Freud anagawa zam'kati mwa munthu patatu, ndipo mawu amene anagwiritsa ntchito anali a Chijeremani cha tsiku ndi tsiku: das Es, das Ich ndi das Über-Ich, kunena kuti "icho", "ine" ndi "cha pamwamba pa ine". Omasulira a Chingerezi ndiwo anasankha mawu a Chilatini akuti id, ego ndi superego. Motero mwana wathu wa ku koleji amalandira mawu amene adutsa m'zinenero zitatu, nawaopa ngati mayina a mankhwala, pamene mwini wake ankayankhula zimene mayi wogulitsa pamsika ku Vienna akadamva.

Chichewa sichisowa poyambira. Liwu lakuti mtima limasenza ntchito yaikulu: timapsa mtima, timataya mtima, timakhala ndi mitima iwiri, timakhazika mtima pansi. Chofunika kwambiri kwa ife ofufuza zinenero n'chakuti mtima umatha kukhala mwininkhani m'chiganizo, munthu mwini n'kukhala pamtherankhani. Timati "mtima ukundiuza", "mtima wandikana", "maganizo andigwira". Kaumbidwe ka ziganizozi kakuvomereza kale mfundo yaikulu ya Freud, yakuti munthu sali yekha m'nyumba ya thupi lake ndipo sialamulira zonse za m'menemo. Liwu lakuti chikumbumtima, limene tsinde lake ndi lomwe lija la kukumbuka ndi kukumbutsa, likuyandikira superego koposa momwe ambiri amaganizira, pakuti nalonso ndi liwu la akulu lokhazikika mwa mwana.

Komabe pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndi ya liwu lakuti repression. Ambiri amalimasulira kuti "kuugwira mtima", koma wougwira mtima amadziwa bwino chimene akuchigwira. Freud ankanena za chinthu chimene munthu wachikwirira mpaka waiwala pamene anachikwirira, komabe chikununkha. Tiyenera kunena kuti kukwirira, osati kugwira. Mbuna yachiwiri ndi ya unconscious. Womasulira wofulumira angati "mzimu", ndipo akatero wachotsa gwero la vuto mwa munthu n'kuliika kumanda. Kwa Mchewa, kulota malemu ndi uthenga wochokera kunja, wofuna kuti achibale afulule mowa ndi kumukumbukira. Kwa Freud, m'buku lake la maloto la mu 1900, loto ndi chikhumbo cha wolotayo chovala nsalu ya eni. Awiriwa sangayanjanitsidwe ndi liwu limodzi, ndipo mlangizi woona mtima ayenera kudziwa kuti akuyankhula chiti.

Atate a Oedipus ndi mwini mbumba

Pamene njira ya Freud imapunthwa poyera ndi pa banja. Iye anaona banja la atate, amayi ndi mwana, m'mene atate ndiwo mwamuna wa amayi, ndiwonso olamula, olanga ndi osiya chuma. Chidani chobisika cha mwana wamwamuna kwa atate ake anachitcha ndi dzina la Oedipus, nati n'cha anthu onse. Bronislaw Malinowski, atakhala pakati pa anthu a pa zilumba za Trobriand amene amatsata mtundu wa kuchikazi, anatsutsa zimenezi, ndipo anazilemba mokwanira m'buku lake la mu 1927. Iye anati kumeneko mkwiyo wa mnyamata umalunjika kwa mlongo wa amayi ake, pamene atate ndi bwenzi. Ernest Jones, wophunzira wa Freud, anali atayankha kale mu 1925 kuti malumewo ndi chophimba chabe, chidani chenicheni chikali kwa atate. Yankho lotere silingagonje pa mlandu uliwonse, pakuti umboni wotsutsa limausandutsa umboni wovomereza, ndipo pa chifukwa chomwecho silingatiphunzitse kanthu.

Mudzi wa Achewa umene Marwick anaufotokoza uli mbali ya Malinowski. Mwamuna ankapita chikamwini, nakhala mlendo pamudzi wa mkazi wake. Ana anali a mbumba, ndipo wowayang'anira, wowaimira pa milandu ndi wowasiyira dzina ndi ng'ombe anali mwini mbumba, mtsibweni wawo. Marwick atasonkhanitsa nkhani za imfa ndi matsoka amene anthu ankati adza ndi ufiti, anapeza kuti woganiziridwa ndi wolodzedwa kawirikawiri anali a bere limodzi kapena a mbumba imodzi. Chifukwa chimene Achewa eniake anamupatsa n'chomveka. Ukayambana ndi munthu wapadera, nkhani imapita kubwalo, wolakwa amalipa, ndipo yatha. Ukayambana ndi mbale wako, palibe bwalo, chifukwa chibale ndi fupa sichiola. Mumangokhala chete, mukudyera m'mbale imodzi, chakukhosi chikukula. Kunenezana ufiti ndiko kunkadula chingwe chimene mwambo unkati sichiduka, ndipo mbumba yokula inkagawika, ena n'kukamanga mudzi wawo.

Pano tiyenera kuima pang'ono, chifukwa m'pamene Freud, atagonja pa za Oedipus, akupambana pa china chachikulu. Mfundo yake yakuti chikondi ndi chidani zimagona pa mphasa imodzi, ndi kuti chidani choletsedwa kutchulidwa chimafuna njira ina yotulukira, ikugwirizana ndi zimene Marwick anapeza kuposa mfundo ina iliyonse imene tikuidziwa. Chinenero nachonso chikuchitira umboni. Achewa anasiyanitsa mfiti yeniyeni, imene amati imapha pofuna nyama, ndi mpheranjiru. Liwu lachiwirili ndi chiganizo chathunthu chopindidwa: tsinde -ph-, msintho wochitira -er-, ndi dzina lakuti njiru, kutanthauza wopha chifukwa cha njiru. Nkhani zambiri zimene Marwick analemba zinali ndi mkangano kumbuyo kwake. Anthu amene anaumba liwu lotere ankadziwa kuti muzu wa mantha awo ndi nsanje ya pachibale.

Dandaulo lathu pa buku la Marwick ndi lakuti limaima pakhomo. Iye anaona kunenezana ufiti ngati muyeso wosonyeza pamene mudzi ukuphwanyika, monga ananenera m'nkhani yake ya mu 1964, ndipo pa ntchito imeneyo anachita bwino. Koma funso lakuti n'chiyani chikuchitika mumtima mwa wonenezayo limatsala. Anna Freud, m'buku lake la mu 1936 lonena za njira zimene munthu amadzitchinjirizira, anafotokoza bwino chimene amachitcha projection, chimene ife tingati kuponyera mnzako chimene chili mwa iwe. Mphwa amene wakhala zaka akulakalaka mobisa kuti malume ake achoke kuti alowe m'malo, mwana wake akadwala, sizimuvuta kukhulupirira kuti malumewo ndiwo akumufunira zoipa. Sakunama, akukhulupiriradi. Ndipo nkhalamba imene yalozedwa chala ndiyo imalipira. Lamulo la Witchcraft Act la dziko la Zambia, lochokera mu 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limagwira pakamwa, silifika pamene mawuwo achokera. Mlangizi amene wamvetsa mfundoyi sataya nthawi kutsutsana ndi banja ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Amafunsa za ng'ombe, za munda ndi za maliro amene anapita, chifukwa kumeneko ndiko kuli nkhani.

Tisaiwale kuti Freud yemweyo, m'buku la Totem und Tabu la mu 1913, anayerekeza anthu amene ankawatcha osatukuka ndi ana ndi odwala maganizo, asanaonepo ndi mmodzi yemwe kwawo. Tikubwereka khasu lake. Maso ake sitikuwafuna. N'chifukwa chake sitigwirizana ndi chizolowezi chofulumira kunena kuti Gule Wamkulu ndi id ya mudzi imene yamasulidwa. N'zoona kuti zilombo zimatuluka kumanda, zimachita zimene munthu wamba sangachite pagulu, ndipo zimanyodola alendo ndi akhalidwe loipa. Koma aliyense amene anaonerapo gule pa maliro a mfumu, kapena pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, amadziwa kuti palibe china cholamulidwa mwatsatanetsatane ngati chimenechi: ng'oma, nthawi, bwalo ndi mwini mzinda, zonse zili ndi malamulo ake. Id ya Freud siidziwa lamulo.

Nkhani ya mdulo, imene Marwick anaikhudzanso, ikusonyeza kusiyana kwina. Superego imalanga mwini tchimo. Mdulo umagwira wosalakwa: kholo likaswa mwambo wa kugonana pa nyengo yoletsedwa, wotupa miyendo ndi kutsokomola ndi mwana kapena mnzake wa m'banja. Mayi amene wafika ndi mwana wotupa pa chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chinayamba mu 1948, angakhale atasenza matenda awiri, a mwana ndi mlandu wosatchulidwa wa m'nyumba. Mwanayo afunika chakudya ndi mankhwala msanga. Koma wina ayeneranso kumva mlanduwo, apo ayi banjalo lidzathera panjira yobwerera kumudzi.

Kukhala munthu

Tisanalowe mu njira yachiwiri tichotse chisokonezo chimodzi. Kuno ku Zambia liwu lakuti Humanism limakumbutsa achikulire chiphunzitso cha Kenneth Kaunda, chimene chinalengezedwa mu 1967 ndipo chinatha mphamvu pamene chipani cha UNIP chinachoka m'boma mu 1991. Dzina ndi limodzi, koma za Maslow ndi Rogers n'zina: izo zinabadwira ku America potsutsa Freud, amene ankaona munthu ngati bwalo la nkhondo, ndi potsutsa akatswiri ena amene ankaona munthu ngati nyama yongophunzitsidwa ndi mphotho ndi chilango.

Maslow, m'nkhani yake ya mu 1943, anandandalika zosowa za munthu kuyambira chakudya, chitetezo, chikondi ndi ulemu, mpaka chapamwamba chimene anachitcha self-actualization. Chithunzi cha nsonga chimene ophunzira amajambula pa mayeso si chake, anachijambula ndi ena pambuyo pake, koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi yakuti liwulo tilinena bwanji. Omasulira amati "kudzikwaniritsa". Taonani tsono khalidwe la mphatikiram'kati -dzi- m'Chichewa. Kudzikonda, kudzikuza, kudzitama, kudzimva, kudzitukumula: onsewa ndi mawu odzudzula. Amene timayamikira ndi kudzichepetsa, kudziletsa ndi kudzipereka, m'mene mwiniyo akuchepa. Mlangizi amene auza mkulu wa pamudzi kuti cholinga cha moyo ndi kudzikwaniritsa, mkuluyo amva kuti mwana wa sukuluyu akuphunzitsa dyera.

Apa m'pamene buku la Serpell likutithandiza. M'malo mofika ndi mayeso okonzeka, iye anafunsa akuluakulu a m'midzi kuti, pa ana amene ankawadziwa bwino, angasankhe uti pa ntchito yakutiyakuti, ndipo chifukwa chiyani. Pa mayankho awo anapeza kuti nzeru, kapena nzelu monga amatchulira a kuno kum'mawa, ili ndi nthambi ziwiri: kuchenjela ndi kutumikila. Kuchenjela ndi kuthwa kwa mutu. Kutumikila ndi kukhala mwana womva ndi wokhulupilika, amene ungamutume n'kugona tulo. Kuchenjela kokha sikukwana, ndipo nthano zathu zimadziwa zimenezi, pakuti Kalulu ndi wochenjera koma palibe amene angamusungitse nkhokwe. Anapezanso kuti ana amene ankakhoza mayeso a akatswiri sanali kawirikawiri omwewo amene akuluakulu ankawasankha.

Ngati tsono Mchewa ali ndi nsonga yake ya kukula, nsongayo ili pa kukhala munthu wodalirika kwa ena. Buku lotchuka la Rogers la mu 1961 limatchedwa On Becoming a Person, ndipo mutuwo ukumveka ngati wathu, chifukwa nafenso timati umunthu umachita kufikiridwa. Za wankhanza timati "uja si munthu". Koma njira zake n'zosiyana. Rogers amati munthu amafika pokhala munthu akasiya kukhalira zofuna za ena n'kumvera za m'kati mwake. Achewa amati kali kokha n'kanyama.

Tikanathera pamenepa tikanakondweretsa ambiri, koma tikananama. Tiyenera kufunsa kuti amene ankayankha mafunso a Serpell anali yani. Anali akuluakulu, anthu amene amapindula mwana akakhala wotumika. Mwana amene amafunsa mafunso, kapena mtsikana amene akana mwamuna womusankhira, sapeza malo abwino pa muyeso wotere. Bukuli likutiuza mokhulupirika chimene mudzi umatcha nzeru, koma chimene mudzi umayamikira ndi chimene chimakomera mwana si chimodzi nthawi zonse.

Ndipo m'buku lomwelo muli umboni umene Rogers amaufotokoza bwino kuposa wina aliyense. Serpell anawatsatira ana aja atakula, ndipo anapeza kuti ambiri anasiya sukulu asanafike patali, pakuti sukulu inali ngati makwerero opanikiza, amene pamwamba pake pamafika ochepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa osiyawo ankadziimba mlandu okha, kuti mutu wawo ndiwo unalephera, osati kuti malo anali ochepa. Rogers anali ndi dzina la chinthu chimenechi, conditions of worth: mwana amaphunzira kuti ndi wofunika pokhapokha akakwaniritsa zakutizakuti, ndipo muyeso wa ena amaumeza n'kukhala wake. Mnyamata wa ku Katete amene amalima, amaweta ndi kusamala abale ake, koma mumtima amadziyesa mbuli chifukwa cha mayeso a Giredi 7, wavulazidwa ndi muyeso wobwera. Boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022, ndipo khomo linakula, koma mayeso akali kusefa, ndipo osefedwawo akali kufuna wowauza kuti pepala silinayeze umunthu wawo.

Phungu wolanga ndi phungu womvetsera

Chovuta chotsiriza chili pa dzina la ntchito yeniyeniyo. Counselling timaitcha uphungu kapena ulangizi. Phungu, pa chinamwali, ndi amene amaima pambali pa namwali ndi kumutsogolera. Kulangiza kumachokera ku kulanga, tsinde limene limabala malango a anamkungwi ndi chilango cha wolakwa. Mawu onse awiri akuti wamkulu ayankhule, wamng'ono aweramitse mutu. Rogers, kuyambira m'buku lake la mu 1942 mpaka la mu 1951, anaphunzitsa zotembenuza: mlangizi asapereke malangizo. Mu 1957 anatchula zimene mlangizi ayenera kukhala nazo, ndipo zitatu zodziwika ndi izi: akhale woona wosavala nkhope ya ntchito, amulandire munthuyo popanda kumuikira malire, ndipo amve zinthu monga mwiniyo akuzimvera. Njira imeneyi inafala m'dziko muno pamodzi ndi ntchito yoyeza magazi m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anatikakamiza kutsegula zipinda zoyankhuliramo awiri chitseko chotseka.

Zotsatira zake n'zosakanikirana. Bambo amene wayenda mtunda kufuna nzeru, n'kungomva mawu ake omwe akumubwerera, amatuluka akuti sanathandizidwe, ndipo ali ndi mfundo. Chinsinsi cha m'chipindamo nachonso chimawombana ndi mbumba, imene idzamudwazike ndipo imayembekeza kuuzidwa. Koma mtsikana wa zaka 16 amene ali ndi pathupi, amene kuyambira kunyumba mpaka kwa anamkungwi aliyense wamuuza zochita, angakhale kuti m'chipinda chimenecho ndimo mwa nthawi yoyamba munthu wamkulu anakhala chete kuti iye ayankhule. Mwambo wathu uli nako kumvetsera, pakuti nkhoswe yabwino siweruza isanamve mbali zonse, koma kumvetsera kwa nkhoswe n'kofuna chigamulo. Kwa Rogers n'kofuna kuti munthuyo adzimve yekha zimene akunena, ndipo chimenechi n'chatsopano pakati pathu.

Tsinde la -mv- lili ndi zonse zimene tikufuna, tikalisankha mosamala. Kumva ndi kwa khutu, kwa thupi ndi kwa mtima. Kumvera ndi kugonjera. Kumvetsa ndi kuzindikira. Kumvetsera ndi kutchera khutu. Kumvana ndi kuyanjana. Akuluakulu a Serpell ankafuna mwana womvera. Rogers akufuna mlangizi womvetsera ndi womvetsa. Liwu la empathy lisamasuliridwe kuti "kumvera chisoni", chifukwa wachisoni amayang'ana ali chiimire, ndipo wodwala amazindikira msanga kuti akuchitiridwa chifundo. Ife tikuti likhale "kumva naye". M'mabuku a m'makoleji, pamene pakali "mlangizi" pa ntchito ya mtundu wa Rogers, tingayese "womvetsera", n'kusiya "mlangizi" kwa anamkungwi ndi kwa a zaulimi, amene ntchito yawo ndi kulangizadi.